Malo Amene Sindinawaponde

Mangochi Boma, chaka changa choyamba pa ntchito

Ana anga, za ubwana wanga ku Ntcheu munazimva mpaka makutu anatopa, ndiye pano ndiyambira pa tsiku limene ndinakhala koyamba kutsogolo kwa makina a taipi mu ofesi ina ya boma ku Mangochi. Ndikufuna mudziwe mmene mayi wanu anachokera pa makina olira ngati chigayo mpaka kufika popangira webusaiti munthu wogulitsa malo, ndiponso chimene chinandichotsa pa ntchito yomalizayo. Inu mumadziwa kuti ndinasiya chifukwa cha maso. Maso ankavutadi, koma ndinakunamizani.

Bwana wanga woyamba anali a Nkhoma, munthu wamtali woyenda ndi cholembera chofiira m'thumba la malaya. Sabata yoyamba ndinaona kuti m'kalata ina alemba tsiku lolakwika, ine n'kukonza osawafunsa. Anandiitana n'kutseka chitseko. "Mtsikana iwe, taipisiti alibe maganizo. Chimene wapatsidwa ndicho utaipe. Zikalakwika mlandu ndi wa wosayina, osati wako." Ndinakalirira kuseri kwa ofesi, koma lamulolo ndinaligwira, ndipo linandisunga zaka zambiri. Anzanga a pakamwa ankangosamutsidwa, ine ndili phee, ndikutaipa. Ndinataipa makalata ochotsa anthu ntchito, makalata okana, ngakhale ena amene ndinkadziwa kuti choonadi chake n'chopindika, ndipo tulo ndinkagona tabwino.

Makanjira ndi Monkey Bay, zaka za pakati

Kukhala chete sikunandipulumutse mpaka kalekale, nanenso anadzandisamutsira ku Makanjira. Ndinapita pa lole, nditakhalira thumba la mchere, iwe Tadala uli kumsana. Kumeneko riboni ikatha tinkadikira mwezi wathunthu. Ndinaphunzira kuidonthezera mafuta a mashini osokera kuti itulutseko inki yotsala, ndipo pepala limodzi la kaboni ndinkaligwiritsa ntchito mpaka dzuwa kuonekera mkati. Mvula ikadula msewu, makalata ankapita pa boti kapena osapita n'komwe. Chimene ndinapindula kumeneko ndi Chiyao. Amayi a pa mjigo ankandiseka ndikapereka moni, n'kumandibwereza mpaka lilime langa la Chingoni linafewa. Pochoka ndinali nditafika pokangana nawo m'chinenero chawo chomwe, ndipo nthawi zina ndinkapambana.

Makompyuta anandipeza ku Monkey Bay. Anafika awiri, ndipo anakhala miyezi atawafunditsa nsalu chifukwa aliyense ankaopa kuti akawononga amudula malipiro. Ine ndinaona kuti mabatani ake ndi omwe aja a taipi, ndiye ndinavundukula imodzi. Kuyambira pamenepo chilichonse chokhala ndi waya chinali cha ine Mayi Chimwala. Maphunziro akabwera ankatumiza ine, ndipo kumodzi mwa maphunziro amenewo n'kumene anationetsa kapangidwe ka masamba a pa intaneti. Yamikani, ndimamva umauza anzako kuti unandiphunzitsa ndiwe. Iwe unangondionetsa pogulira bandulo yotchipa, usamadzitame.

Chaka chachiwiri nditapuma

Nditapuma ndinabwerera ku Mangochi Boma, m'kanyumba kamene tinamanga ndi bambo anu. Iwo anadwala chaka chomwecho, ndipo amene ankatinyamula pa galimoto yake kupita kuchipatala, osalandira ngakhale ya mafuta, anali neba wathu Che Twaibu. Pa maliro anaima nafe mpaka kumanda ngakhale kuti ife ndife a tchalitchi. Che Twaibu anali ejenti wa malo ndi nyumba, ali ndi kaofesi pafupi ndi msika. Ukafuna kuwakwiyitsa unkangowatchula kuti dobadoba. Tsiku lina anabwera pakhonde panga n'kunena kuti, "Amayi, makasitomala anga ambiri ali ku Joni. Anyamata athu omwewa, akugwira m'mashopu, akufuna pomanga kwawo. Ndimawatumizira zithunzi mmodzimmodzi mpaka chala kutupa. Simungandipangire chinthu choti aziona okha?"

Ndinavomera msanga, chifukwa nyumba inali itandikulira. Chimene ndinapanga poyamba chinali chonyaditsa ine ndekha: Chingerezi chambiri, mitundu yambiri, zithunzi zazikulu. Ndinapita nacho kumsika n'kupatsa foni mayi wina wogulitsa mandasi kuti apeze puloti ya ku Malindi. Anaiyang'ana, chithunzi chikuzungulira osatseguka, n'kundibwezera. "Izi n'za anthu a sukulu," anatero. Ndinapsa mtima, koma ndinabwerera kukafufuta zonse. Milungu itatu ndinayenda ndi foni yakale yosweka galasi, kupatsa a kabaza, osoka nsapato, amayi a usipa, ine n'kumangoyang'ana kumene chala chawo chikupita. Ndinaphunzira kuti munthu wa bandulo yochepa sadikira, ndipo munthu amene sawerenga bwino sanena, amangoti foni yavuta. Zithunzi ndinazichepetsa kuti zitseguke ngakhale netiweki ikutsimphina. Chingerezi ndinachotsa. Pa puloti iliyonse ndinaika mabatani akuluakulu oti chala cha mmisiri chisaphonye: loonera zithunzi, lolankhulira ndi ofesi, ndi lomvera. Ukadina lomveralo, unkamva mawu a munthu akufotokoza malowo m'Chichewa kapena m'Chiyao, kukula kwake, mtunda wokafika kumsewu, kumzikiti, kumjigo. Munthuyo ndinali ine. Che Twaibu ankalemba papepala, ine n'kuwerenga ndili m'chipinda chogona, zenera lotseka kuti nkhuku zisamveke.

Panalinso batani lachinayi. Kuno munthu sagula malo asanawaponde. Akakhala kutali amatuma m'bale, kawirikawiri mjomba kapena mayi ake, ndipo wotumidwayo amayenda malire onse ndi mapazi, kuona bikoni iliyonse, kenako n'kukhala pansi ndi oyandikana nawo n'kufunsa zimene wogulitsa sanganene. Ndiye ndinaika batani lakuti "Tumani m'bale akaponde malowa," munthu n'kusankha tsiku. Linakhalapo miyezi iwiri. Che Twaibu anati lichoke. "Achibale amaononga malonda, amayi. Abwera asanu, afuna ya thiransipoti, afuna ya fanta, aliyense afuna kudyapo. Ndipo anyamatawo safuna achibale adziwe. Angati anatumiza ndalama za nyumba n'kudzapeza maziko okha?" Zimenezo zinali zoona, ndinkazidziwa. Koma ndisanamizire iwo okha. Ine ndinaona kuti mabatani atatu akukwana bwino pa galasi la foni kuposa anayi, ndipo ndinalichotsa ndi mtima woyera, n'kudzitama kuti tsopano ngakhale mwana angagule malo.

Malonda anayenda. Anthu ankagula ali ku Joni osatuma aliyense, ndipo ine ndinkalandira kanga kokwanira sopo, mankhwala ndi fizi ya Yamikani ya chaka chomaliza. Pa malo onse amene ndinawafotokoza ndi pakamwa pangapa, palibe ngakhale amodzi amene ndinawaona ndi maso.

Lachinayi, mvula itangotha, chaka chimene nyanja inadzaza

Foni ya ofesi inkakhala ndi ine m'mawa, chifukwa ndinkayankha mafunso a anthu odina batani lolankhulira. Lachinayi limenelo munalowa voisi ya mnyamata wina dzina lake Imrani, wogwira ntchito mushopu ku Joni. Ankafuna puloti ya ku Malindi imene pa webusaiti tinkaitcha ya pa migwalangwa itatu. Chithunzi chake chinali chokongola, mchenga woyera, mitengo itatu, nyanja ili patali. Mawu ake ndimawakumbukirabe. "Amama, ine ndine Imrani. Voisi yanu ya puloti ija ndaimvera kambirimbiri, ndikamagona ndimaiyatsa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili kuno, ndikufuna kuwamangira amayi anga, koma sindinawauze, ndikufuna adzangoona. Mawa ndikaweruka nditumiza zonse. Chimodzi chokha, anzanga akuti nyanja yadzaza kwathuko. Madzi safika pamenepo? Mukanena inu ndikhulupirira, mawu anu ali ngati a mayi anga aang'ono."

Ndinapita nayo kwa Che Twaibu. Anaimvera, n'kunena osandiyang'ana, "Muuzeni kuti safika." Ndinafunsa kuti chithunzicho anajambula liti. Anati chaka chatha nthawi yotentha. Ndinafunsa ngati apitako chiyambire mvula. Anayamba kusanthula mapepala patebulo. "Amayi, jambulani mawa ndikachoka ku mzikiti, tidzatumize limodzi. Mawu awiri okha." Ndinabwerera kunyumba. Ndinayatsa voisi yanga ya puloti ija n'kudzimvera ndekha ndikunena mokoma kuti malo ouma, okwera, abwino kumangapo. Mawu amenewo ndinawawerenga papepala miyezi isanu m'mbuyomo, nditavala chitenje chakunyumba, ndikuganiza za nyemba zimene zinali pamoto. Ndinachita mantha, ana anga, mantha enieni.

Lachisanu m'mawa

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinalemba nambala ya Imrani pa kapepala n'kukapinda m'chikwama, osadziwa bwino chimene ndikufuna kuchita nayo. Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, kuwoloka Shire n'kulowera njira ya ku Malindi, ine wa zaka zanga zino nditagwira malamba a mwana wa eni ngati mtsikana. Ulendo wonse ndinkapemphera kuti ndikapeze mchenga, ndidzadziseke ndekha. Titasiya msewu tinatsata mapu omwe ndinaika ndekha pa webusaiti. Kadontho ka pa foni kanati tatsala pang'ono, koma njira inathera m'matope, ndipo wa kabaza anakana kupitirira.

Ndinavula nsapato n'kuyenda. Migwalangwa itatu ndinaiona, sinasochere. Inali itaima m'madzi, namasupuni atazungulira, ndipo pa umodzi msodzi wina wachikulire anali atamangirira bwato lake, akusoka ukonde. Ndinamupatsa moni wa Chiyao n'kufunsa ngati awa ndi malo ogulitsa aja. Anaseka pang'ono. "Mukufuna bikoni, amayi? Ina ili pansi pa bwato langali. Ndimaigunda ndi nkhafi tsiku lililonse." Ndinafunsa ngati madziwo ndi a chaka chino chokha. Anandilozera thunthu la mgwalangwa, pamene panali mizere yakuda iwiri, wina pamwamba pa unzake. Anati nyanja ikakwiya imabwera, ikakhuta imapita, ndipo ichi n'chifukwa chake makolo awo sanamangepo ngakhale khola. "Aliyense pano akudziwa. Akanangofunsa." Ndinalowa mpaka madzi anandifika m'mawondo, sindikudziwa chifukwa chake, mwina kuti ndinene kuti ndapondapo. Ndinajambula zithunzi zitatu, chimodzi n'kutuluka chopendama.

Lachisanu masana

Ndinafika ku ofesi chitenje chisanaume. Che Twaibu analowa atavala mkanjo woyera ndi kofia, akununkhira mafuta onunkhira a Lachisanu, ndipo maso awo anayamba kugwera pa matope a m'miyendo mwanga. Ndinangoika foni yanga patebulo chithunzi chili poyera. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatseka chitseko.

"Ndani anakutumani?"

"Palibe."

"Amayi, kodi nyanja ndinadzaza ndine? Madzi amabwera ndi kupita. Pofika nthawi yotentha, inshallah, pamenepo pakhala pouma ngati patebulo pano. Mnyamatayo sabwera chaka chino. Adzapeza mchenga."

"Adzamanga, kenako madzi adzabwera mayi ake ali m'nyumba."

"Malo amenewo ndinawagula kale kwa eni ake, ali pakhosi panga. Akakana uyu, mawa gulu lonse la ku Joni limva kuti Twaibu amagulitsa nyanja. Mukudziwa mmene amatumizirana. Ndatha ine. Ana anga, antchito anga, inu nomwe." Anakhala pansi, mawu n'kutsika. "Inu mumangowerenga zimene ndalemba. Mlandu ukabwera ndi wanga, dzina la pa chikwangwani ndi langa. Inu mukuopa chiyani?"

Ndinawauza kuti mnyamatayo sanafunse chikwangwani, wafunsa ine. Ndinawapempha kuti amuuze okha, amupatse puloti ina, zithere m'nyumba. Anapukusa mutu, n'kunena chimene ndinkadziwa kuti chibwera. "Pamene bambo ankadwala, anakunyamulani ndani? Ine sindinakuwerengereni. Lero ndikupempha mawu awiri." Zinali zoona zonse. Ndinakumbukira bambo anu atagona kumpando wakumbuyo, Che Twaibu akuyendetsa pang'onopang'ono pa mabampu kuti asawapweteke. Manyazi anandigwira moti ndinalephera kuwayang'ana kumaso, ndipo ndinaganizadi zonena mawu awiriwo. Musandione ngati wolimba mtima. Ndinaganiza za fizi, ndinaganiza zoti ndikhala nawo bwanji mpanda umodzi, ndinaganizanso kuti mwina madzi adzapitadi.

Foni ya ofesi inalira. Anali Imrani, voisi yaifupi: "Amama, ndaweruka, ndili pamzere potumizira. Ndikudikira inu." Che Twaibu anaimirira, n'kudina pojambulira ndi chala chachikulu, n'kundiyandikizira foni pakamwa. Mukudziwa mmene zimakhalira, ukachotsa chala mawu apita, ukachikokera kumbali afufutika. Timanambala tinayamba kuwerenga. Kunja wina ankaitanira malonda a chinangwa.

"Imrani, mwanangu," ndinatero m'Chiyao, "ndapitako lero. Madzi andifika m'mawondo. Usatumize."

Chala cha Che Twaibu sichinasunthe. Tinayang'anizana, timanambala tikupitirira kuwerenga mpweya wathu. Ndinaona m'maso mwawo kuti akulimbana, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti panatsala pang'ono. Kenako anakokera chala kumbali.

"Yambiraninso," anatero.

Ndinatsegula chikwama, kutulutsa kapepala kaja, n'kuyamba kulemba nambala pa foni yanga, iwo akuona. Ndinalakwitsa kawiri. Akanatha kundilanda, sanatero. Ndinajambula mawu omwewo, n'kuwonjezera kuti, "Uwauze amayi ako apite akaponde okha, ndiwo adzakhalepo. Ndipo voisi yoyamba ija ndinanena zinthu zimene sindinazione, undikhululukire." Ndinatumiza pamodzi ndi chithunzi chopendama chija. Tizizindikiro tinasintha mtundu nthawi yomweyo, kusonyeza kuti wamva.

Che Twaibu anavula kofia n'kuiika patebulo. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. "Musiye makiyi ndi pasiwedi, amayi." Ndinati ndisiya, koma ndiyambe ndachotsa mawu anga pa mapuloti onse. "Chotsani. Ndi anu." Ndinakhala pa laputopu ola lathunthu, iwo ali pampando wawo chakumbuyo kwanga, ndikufufuta imodzimodzi, ya Chichewa ndi ya Chiyao. Pa iliyonse ndinkawerenga dzina la malo n'kudzifunsa kuti kodi awa ali bwanji. Ambiri anali ndi chizindikiro chakuti agulidwa kale.

Kuyambira pamenepo

Imrani sanagule. Patatha masiku atatu anatumiza voisi kuti amayi ake anapita, anaima pamphepete, n'kumukalipira kwambiri chifukwa chofuna kuwagulira malo osawatuma, ngati alibe miyendo. Ankaseka pofotokoza, koma kumapeto mawu anamuthera. Nkhani inafalikiradi ku Joni monga ananenera Che Twaibu, ndipo malonda awo anagwa kwa nthawi yaitali. Antchito awiri anawachotsa, anthu amene sanalakwe chilichonse, ndipo mmodzi mpaka lero akandiona amawoloka msewu. Ndi Che Twaibu timapatsana moni pampanda, moni wokha. Pa Idi mbale ya mpunga imene inkabwera chaka chilichonse inasiya kubwera, ndipo zimandipweteka kuposa mmene ndingakuuzireni. Inu ndinakuuzani za maso chifukwa sindinafune kuti muwade munthu amene ananyamula bambo anu.

Ndinkaganiza kuti pofufuta paja ndathana nazo. Sindinadziwe kuti anyamata aja ankasunga mavoisi anga m'mafoni mwawo n'kumatumizirana, ena kutumizira akazi awo kumudzi kuti amve malo amene agulidwa. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Chaka chathachi ndinali pamsika ndikugula tomato kwa mayi wina wachikulire amene sindinkamudziwa. Nditangofunsa mtengo, anaimitsa dzanja n'kundiyang'anitsitsa.

"Talankhulaninso."

Ndinabwereza.

"Ndinu amayi a pa foni aja. Mawu anu ndili nawo, mwana wanga ananditumizira kuchokera ku Joni. Anagula malo chifukwa cha inu, anati mayi awa sanganame."

Ndinafunsa kuti ndi malo ati. Anatchula dera la kunjira ya ku Monkey Bay, ndipo ndinalikumbukira, ndinakumbukira ngakhale mmene ndinakwezera mawu ponena kuti pafupi ndi nyanja. Ndinafunsa ngati amangapo.

"Njerwa tinaumba," anatero, akusankha tomato wabwino n'kumaika m'jumbo. "Tikudikira madzi aphwe. Akuti mwina chaka chino."

Sananene mokwiya. Anali wokondwa kuti waonana ndi mwini mawu, ndipo anaitana mnzake wa pa benchi loyandikana kuti adzandione. Ndinalipira, ndikusowa poyang'ana. Ndikutembenuka kuti ndizipita anandiitananso, n'kuwonjezera tomato atatu m'jumbo langa kuti ndi basela.